A Naphwiyo, Amene Anamanga Fakitale M'munda wa Mlongo Wawo

Amene anandiuza kuti amalume atisiya ndi alamu anga a Bitoni, aja amapalasa njinga ya kabaza pakati pa Migowi ndi kwathu kuno. Anandipeza kudimba ndikuthirira mpiru, dzuwa lisanakwere kwenikweni. Sanatsike n'komwe panjinga. Anangoponda phazi limodzi pansi n'kunena kuti, "Mlamu, siyani kheniyo. A Naphwiyo agwa m'munda muja, ndipo sanadzukenso."

Ine n'kufunsa, "M'munda uti?"

"Mukufunsa ngati ndinu mlendo. Mwa mayi Esinala. Awapeza atagwira wilibala."

Ndinagwada pomwepo, mawondo m'matope, koma pemphero silinatuluke. Ndinangoti, Ambuye, apumitseni, poti pansi pano munthu uyu sanapumepo. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhazikike, n'chifukwa chake ndatenga cholembera, ngakhale sukulu yanga inathera ku pulayimale. Mundikhululukire pomwe ndaphonya.

A Gidiyoni Naphwiyo anali mchimwene wa malemu mayi anga, ndiye kuti amalume anga enieni, mwinimbumba wathu. Mayi atamwalira, ndi iwo anandilera mpaka kundiperekeza ku ukwati. Tadala wanga woyamba atadwala malungo aakulu, ndi iwo anatikweza tonse awiri panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni, osaima ngakhale pachitunda. Ndikayamba kunena zolakwa zawo m'munsimu, musaganize kuti ndaiwala zimenezi.

Anali munthu wosatha kukhala pansi. Chakudya ankadya chiimire, mbale kudzanja, maso kumsewu. M'tchalitchi ankasankha benchi ya pafupi ndi khomo, n'kukhala chakumapeto kwenikweni, mwendo ukugwedezeka ngati akupalasa makina osokera. Abusa akatalikitsa ulaliki, mumangoona a Naphwiyo atuluka, akukonza mawaya a sipikala amene sanawonongeke n'komwe. M'thumba la malaya simunkasowa sikuludiraivala ndi kachidutswa ka waya. Ankakonda kunena kuti munthu akakhala phee, umphawi umamudziwa pomwe ali. Ankatinso chinthu chabwino chikakhala chimodzi n'chamwayi chabe, chikhale ziwiri ndiye wayamba bizinesi. Mawu achiwiriwa ndi amene anatipweteka tonse.

Ali mnyamata ankapikula matemba ku Chilwa n'kumakagulitsa m'midzi ya m'munsi mwa Michesi. Kenako anaweta nkhunda, kenako anawotcha buledi, kenako anatsegula vidiyo sho ya jenereta. Chilichonse chinkayenda ndithu, koma chikangoyamba kuyenda iwo anali ataganiza kale china chachikulu. Akazi awo, azakhali athu, ankangoti, "Bambo awa ndinakwatiwa nawo, koma sindinawapezebe."

Ana a masiku ano sawadziwa a Naphwiyo amenewo. Iwo amadziwa nkhalamba yowonda ya nsapato za jombo, yokankha wilibala ya dothi kuchokera kumtsinje, m'mawa ndi masana, chilimwe ndi dzinja. Anyamata a pa sitolo ankawanena kuti "Abwana a fakitale, lero mwapanga matani angati?" Iwo ankangodutsa, koma osati chifukwa cha mkwiyo. Analibe nthawi yoima. Kuti mumvetse za wilibalayo, ndiyenera kubwerera m'mbuyo, pa nthawi imene magetsi anafika pa msika wathu.

Magetsi atafika, amalume anagula kompyuta yakale n'kuyamba ntchito yoika nyimbo ndi mafilimu m'mamemole a mafoni. Achinyamata amati kubena. Nyimbozo zinkasungidwa m'kabokosi kachitsulo kokula ngati sopo wochapira, kotchedwa hadidisiki. Anali nako kamodzi kokha, ndipo ankakakulunga m'kansalu ngati khanda. Anthu ankabwera kuchokera kutali, asodzi a ku Chilwa, amayi a kwaya, ngakhale apolisi a pa rodibuloko. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pakhonde la shopu yawo, ndiye zambiri ndinaziona ndi maso angawa.

Tsiku lina anapita ku Limbe kukagula hadidisiki yachiwiri. Anabwerako atasenza katoni yonse. Anaitsitsa pakhonde, thukuta kamukamu, nkhope ikuwala ngati munthu amene waona masomphenya. Anati wamalonda wa kumeneko wawauza kuti kutsidya kwa nyanja, kumayiko kumene amapanga zinthuzi, eni ake akhala akuwonjezera mafakitale, ina pambali pa inzake, moti katunduyu wachuluka ndipo watchipa kuposa kale lonse.

Pakhondepo panali a Mwale, aphunzitsi a pa sekondale yoyendera, kwawo ku Kasungu, amene ankakonda kudzacheza ataweruka. Anasuzumira m'katonimo n'kugwira pakamwa.

"Bambo Naphwiyo, zonsezi? Imodzi yokha mwa izi ikhoza kusunga nyimbo zonse zimene Phalombe yense amamvera, malo n'kutsalabe."

"Lero, aphunzitsi. Nanga mawa? Anzathu akunjawo akumanga mafakitale atsopano. Mukuganiza kuti ndi opusa? Aona kuti dziko likubwera ndi njala ya zinthuzi."

"Amanga mopitirira, bambo. N'chifukwa chake zatchipa. Ndimawerenga pafoni pano. Akupanga zambiri kuposa ogula, ndipo ena ayamba kale kutseka n'kumachotsa anthu ntchito."

"Ndiye bwinotu! Akatseka onse, ndidzatsala nazo ndine ndekha."

"Inu simukundimva."

"Ndikukumvani. Inu a ku Kasungu mumaopa chilichonse chosakhala fodya."

Tonse tinaseka, a Mwale omwe. Nkhani inali imodzimodzi, koma wina anamva chenjezo, wina anamva kuitana. Sabata isanathe amalume anali atayamba kuyeza malo ndi chingwe. Ankati ngati eni hadidisiki akukulitsa mafakitale awo, iwonso akulitsa yawo. Padzakhala chipinda cha nyimbo, cha mafilimu, chojambulira makwaya, chosungira zithunzi za maukwati, chophunzitsira ana kompyuta, ndi zina zimene anali asanaziganize. Dzina anali atalipeza kale: fakitale.

Koma malo analibe. Kwathu kuno, monga mudziwa, munda umayenda kuchikazi. Mwamuna amakakhala kwa mkazi wake, ndipo kwawo amangoyang'anira. Munda umene unali m'mbali mwa msewu, pomwe panadutsa mapolo a magetsi, unali wa mayi Esinala, mlongo wawo wamng'ono, amene ine ndimawatcha mayi aang'ono. Ndi amasiye, ndipo amalera zidzukulu zawo, ana a mwana wawo amene anamwalira. Munda umenewo ndiwo unali nkhokwe yawo. Chimanga, nandolo, mbatata kumalire, zonse zinkachokera m'menemo.

Anakambirana pansi pa mtengo wa mango, ine ndikumva.

"Chemwali, ndikungofuna kamzere ka kumsewuku. Mapazi ochepa chabe."

"Achimwene, inu mulibe mapazi ochepa. Ndinakudziwani muli ndi kabudula mmodzi."

"Ukadzaona phindu lake udzandithokoza. Sudzagwiranso khasu. Anthu akunja akuwonjezera mafakitale, ife tizingolima nandolo?"

"Nandolo yemweyo akanakuphunzitsani. Mwaiwala chaka chija tinamva kuti ali pamtengo, mudzi wonse n'kudzala nandolo mpaka kuseri kwa zimbudzi? Anagula ndani? Tinadyetsa anankafumbwe."

"Nandolo amafumbwa. Chitsulo sichifumbwa."

Mayi aang'ono anati, "Ndinu mwinimbumba. Ndikakukanizani ndikasuma kwa yani?"

Apa ndi pamene panali vuto lonse. Munthu amene tikanathamangira kuti atiteteze munda ukamalandidwa, ndi yemweyo ankaupempha. Amalume sanabe, ayi. Anapempha, ndipo anapatsidwa. Koma anaiwala kuti mlongo sangakane bwinobwino pamaso pa mwinimbumba wake, ndipo kuvomera kotero sikuvomera.

Kamzere kaja kanakula. Chipinda chikatha, ankaona kuti pakufunika china. Choipa kwambiri sichinali nyumbayo, koma njerwa. Pofuna kupewa kututa dothi kutali, anauza oumba kuti akumbe m'munda momwemo. Anati ndi pang'ono, tidzakwirira. Anakumba dzenje, n'kukumba lina, n'kukumbanso lina, mpaka pakati pa munda. Dothi lakuda lapamwamba, lija makolo athu analidyetsa mapesi ndi manyowa kuyambira pamene anafika kuchokera ku Mozambiki, linalowa m'chikombole, n'kulowa mu uvuni, n'kutuluka lofiira, louma gwa. Tsiku limene anayatsa uvuni waukulu, mayi aang'ono anaima kumalire manja kumsana, akuyang'ana utsi. Ndinawamva akuti, "Chimanga changa chikupsa chisanamere."

Ndisanamize, fakitale itatsegulidwa inakongola. Anaipaka laimu, kutsogolo n'kulemba zilembo zazikulu zabuluu. Mahadidisiki anawandandalika pa shelefu, aliyense ndi kapepala kake: za uzimu, za tchopa, za ku Zambia, mafilimu a nkhondo. Kwaya yathu ya amayi anaijambula ulere, ndipo anatiimbitsa nyimbo imodzi kambirimbiri chifukwa ankati wina akupuma mokweza. Tinatuluka mawu atasasa, koma titadzimva pa sipikala tinalira ndi chimwemwe. Mulungu awakumbukire pa chimenechonso.

Koma ogula sanachuluke. Anali omwe aja, a masiku onse, ndipo onsewo hadidisiki imodzi inkawakwanira monga ananenera a Mwale. Zinazo zinangokhala pa shelefu, zambiri zopanda kanthu m'kati. Ndiye poti katunduyo anatchipira aliyense, osati amalume okha, anyamata nawonso anagula. Pasanapite nthawi, pa msika wathu wawung'onowu panali matebulo oika nyimbo paliponse, wina pafupi ndi chigayo, wina pa malo ometera, wina pansi pa ambulera chabe. Onse nyimbo zofanana, onse kulimbirana anthu omwewo. Kenako kunabwera mafoni aja otumizirana nyimbo okhaokha, ndipo ngakhale anyamatawo anayamba kupinda matebulo.

Amalume sanagonje msanga. Anthu akachepa, iwo ankati vuto ndi kuchepa kwa zipinda. Anayamba kumanga zina kumbuyo, zimene sizinafoleredwe n'komwe. Azakhali anawaletsa, abusa anawalangiza, a Mwale anasamutsidwa kupita kwina akuwachondererabe. Mahadidisiki nawo anayamba kudwala. Fumbi la mwezi wa Okutobala, chinyezi cha dzinja, kuzimazima kwa magetsi. Ikafuna kufa inkayamba kulira kuti tche, tche, tche. Ndinkawaona amalume ataiika kukhutu, maso atatseka, ngati mayi womvetsera chifuwa cha mwana. Akatero ankaibweza pa shelefu. Sanatayepo ngakhale imodzi.

Nthawi yonseyi mayi aang'ono ankalima tizigawo totsala pakati pa maenje. Mvula ikagwa maenjewo ankadzaza madzi, n'kumakokolola ndi dothi la m'mbali lomwe. Zokolola sizinkafika ngakhale pa Khirisimasi. Mayi wamkulu ngati uja anayamba kuyenda wapansi kupita ku madambo a ku Chilwa kukagwira ganyu yopalira mpunga, kuti ana adye. Ife tinkathandiza pomwe tingathe, koma nafenso tili ndi pakamwa pambiri. Amalume anawatumizira malata otsala kuti akonzere denga. Mayi aang'ono anawabweza ndi uthenga wakuti kwawo sadya malata.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la msika, mwezi wa Febuluwale, njala ili pakati. Ndinali pakhonde ndi beseni langa. Ndinaona mayi aang'ono akubwera pang'onopang'ono, atanyamula lichero lopanda kanthu. Sanandipatse moni. Analowa m'fakitale, ine n'kuwatsatira poopa kuti kuchitika zoopsa. Amalume anali chiimire monga mwa masiku onse, akupukuta shelefu. Mayi aang'ono anaika lichero lija patebulo, pambali pa kompyuta.

"Achimwene, ndithirireni."

"Ndikuthirire chiyani, chemwali?"

"Chilichonse chimene munakolola m'munda mwanga. Mwadzaza mashelefu. Ana sanadye dzulo. Ndithirireni ndikaphike."

Sanakweze mawu. Sanalire. Anangoima n'kumadikira ngati munthu amene ali pa mzere wa kuchigayo. Panali anyamata awiri amene anabwera kudzatchajitsa mafoni, ndipo anatuluka mwakachetechete. Amalume anayang'ana lichero, n'kuyang'ana shelefu. Anakoka mpando n'kukhala. Anakhaladi, msana wonse kutsamira, miyendo ili duu. Ine chibadwire ndinali ndisanawaonepo atakhala chotero, ndipo ndinachita mantha kuposa akanakalipa.

Mayi aang'ono anadikirabe. Kenako anatola lichero lawo n'kumapita.

M'mawa mwake tinadzidzimuka ndi phokoso la njerwa. Amalume anali pamwamba pa khoma la zipinda zakumbuyo, akugumula okha ndi chitsulo. Mwamwayi anamangira dothi, osati simenti, ndiye njerwa zinkachoka. Anthu anasonkhana, ena n'kumati mutu wawazungulira. A Bitoni anawafuulira kuti, "Madala, mwayamba kukolola fakitale?" Iwo anayankha ali pamwamba pomwepo kuti, "Ndikubweza katundu wa eni ake. Ngati uli ndi manja, bwera. Ngati uli ndi pakamwa pokha, dutsa."

Njira yawo inali iyi. Pansi pa dzenje ankaponyamo njerwa zoswekasweka n'kuzisinja. Pamwamba pake ankathira dothi la pachulu. Kenako dothi lakuda la m'mphepete mwa mtsinje, limene madzi amatsitsa kuchokera kuphiri. Pomaliza manyowa a mbuzi, amene ankapempha khola ndi khola, iwo amene kale anthu ankawapempha. Ankati njerwa singabwererenso kukhala dothi, koma ikhoza kunyamula dothi pamsana. Dzenje limodzi linkawatengera miyezi. Mvula ikabwera dothi linkatitimira, iwo n'kuyambiranso kuthira.

Tinkawathandiza Loweruka, ine ndi amuna anga ndi ena a mbumba, koma sitinkawakwanitsa. Ukathira wilibala yako amabwera kudzafwanthula ndi phazi, amvekere, "Ili ndi dothi kapena mchenga? Ukufuna mlongo wanga adzale chiyani, magalasi?" Ambiri anatopa nawo. Azakhali ankadandaula kuti nkhalambayo ikudzipha, ndipo kuchipatala anawauza kuti mtima wawo sukufuna ntchito yolemetsa. Anamvera masiku ochepa, kenako wilibala inayambanso kulira pa njira ya kumtsinje.

Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti awiriwa sanakhalepo pansi n'kukambirana. Ndinayesa. Ndinapita kwa mayi aang'ono ndi Baibulo, anandiuza kuti, "Mwanawe, ine sindinawathamangitse. Munda akuudziwa, kwathu akukudziwa." Ndinapita kwa amalume, anati, "Make Tadala, ndikapepese ndi pakamwa maenje ali yasaa? Ndimalize kaye." Ndinawauza kuti masiku ndi a Mulungu. Anati n'chifukwa chake ndisawachedwetse.

Komabe china chinachitika. Dzinja lapitali mayi aang'ono anatenga khasu n'kukapanga mizere pa mbali imene inakwiriridwa, osauza munthu. Anadzala chimanga ndi nandolo. Amalume anafika ndi wilibala yawo n'kupeza mizereyo. Akuti anaima, n'kuzungulira njira yaitali kuti asaponde. Kuyambira pamenepo ankagwira ntchito m'munda umodzi, wina uku wina uko, osalankhulana. Chimangacho chinabereka, osati ngati kale, koma chinabereka. Ndinaona ndi maso anga mayi aang'ono atasiya chimanga chowotcha pa chitsa cha kumalire n'kuchoka osatembenuka. Ndinaonanso chitsononkho chake madzulo. Kaya kumeneko ndiye kunali kukhululukirana kwawo, Mwini yekha adziwa.

Pa maliro, itafika nthawi yoti a kubanja alankhule, anthu anayang'ana mayi aang'ono mwamantha, poti nkhani yawo mudzi wonse unkaidziwa. Anaimirira, n'kukonza chitenje, n'kunena kuti, "Achimwene anga anali munthu wovuta. Anandilanda munda ndi ulemu, n'kundibwezera ndi msana wawo. Anatsala pang'ono kumaliza." Anakhala pansi, ndipo amayi a kwaya anayambitsa nyimbo.

Dzulo ndinadutsa pamalopo pochokera ku mapemphero a amayi. Pa fakitale yonse ija patsala chipinda chimodzi cha kumsewu, chimene anayambira. Laimu anasuluka, ndipo pa zilembo zabuluu zija patsala zoyambirira zokha, poti khoma la zinazo linapita m'dzenje. Azakhali anandipatsa kiyi kuti ndikatsekule mawindo. M'katimo mukununkha fumbi ndi ndowe za mileme. Mahadidisiki ali pa shelefu monga anawasiyira, ndipo palibe amene akudziwa kuti yamoyo ndi iti, yakufa ndi iti. Mavu amanga chisa pakati pa ziwiri. Sindinakhudze kanthu.

Kuseri kwake munda wayala bwino mpaka chapakati, wakuda, mapesi a nandolo ali chiimire. Ukapitirira pamenepo nthaka imangoduka. Maenje akumapeto akadali pomwepo, limodzi lili ndi njerwa pansi, zosinjidwa kale, kudikira dothi limene silinafike. M'mbali mwake muli mulu wa manyowa umene wayamba kumera bonongwe. Kumwamba kwa Michesi mitambo yayamba kusonkhana masana, ndipo mvula ikagwa maenjewo asanatsekedwe, madzi adzayambanso kudya mbali imene nkhalamba ija inakonza.

A mbumba tagwirizana kuti tiyambe Loweruka likudzali, koma ndife ochepa ndipo ambiri ndife amayi. Inu amene mwawerenga izi, chonde muzitikumbukira m'mapemphero anu. Mukumbukire azakhali athu, mayi Naphwiyo, amene atsala okha m'nyumba. Mukumbukire mayi Esinala ndi zidzukulu zawo, kuti chaka chino adzale mpaka kumalire. Ndipo ngati muli pafupi ndipo muli ndi fosholo, simusowa kufunsa njira. Ndi munda wa m'mbali mwa msewu, uli ndi chipinda chimodzi kutsogolo.